Mango Opanda Mwini pa Njira ya ku Chelinda

Tsiku limene mwana wanga wamkazi anabwera ndi maganizo oti tikagone m'tenti pa Nyika, mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akuona munthu amene mutu wayamba kumusokonekera. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Inu abambo, nyumba munamanga ndi ngongole, yamalata, yamagetsi. Lero mukufuna kulipira ndalama kuti mukagone pathengo? Kwagwa maliro kumeneko?"

Funso limeneli musaliseke, awerengi, chifukwa lili ndi mbiri yake. Ife Amalawi kugona panja timakudziwa bwino kuposa mzungu aliyense wobwera ndi chikwama kumsana, koma sitinagonepo panja chifukwa chokhuta. Timagona panja pa maliro, amuna titazungulira chitsa cha moto. Timagona panja pa chipatala podikirira wodwala, pa depoti basi ikatisiya, pa mzere wa chimanga chaka cha njala, kumunda polondera nguluwe. Tenti ndiye osanena. Amene tinaona abale athu a ku Mozambique akukhamukira kuno m'zaka za m'ma 1980, mpaka kufika miliyoni imodzi, tenti timaidziwa ngati chizindikiro cha nkhondo. Ana a lero anaidziwira pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Tsono munthu wanzeru zake, wopanda chomuthamangitsa, n'kunyamula tenti ulendo kuphiri kozizira? Mayi a kunyumba sanalakwe kufunsa.

Komabe ndinapita, poti mwana akakula n'kuyamba ntchito ku Mzuzu mawu ake amalemera. Unali mwezi wa July. Tinanyamuka anthu anayi: ine, mwana wangayo, mkamwini wanga ndi kamdzukulu kanga ka zaka zisanu ndi zinayi. Tinadutsa pa Ekwendeni, n'kukhotera ku Rumphi pa mpata wa Njakwa pomwe mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pakati pa mapiri, kenaka Bolero kwa a Chikulamayembe, mpaka pa chipata cha Thazima, makilomita ngati 55 kuchokera pa boma la Rumphi. Msewu panthawiyo unali wafumbi ndi mabampu oti chiwindi chimasintha malo. Pachipatapo amakuuzani mosabisa kuti mwangofika theka, kwatsala makilomita ena ngati 60 kuti mukafike ku Chelinda komwe kuli malo omangapo matenti.

Pa Thazima tinanyamula wa gemu wina amene ankabwerera kuntchito kwake ku Chelinda, bambo wa zaka za m'ma 40, wosalankhulalankhula. Titalowa m'paki, msewu unayamba kukwera pang'onopang'ono m'nkhalango ya mombo ndi masuku. Sitinayende nthawi yaitali pamene maso anga anagwera pa mitengo ya mango inayi kapena isanu, ikuluikulu, itaima pamodzi chapatali ndi msewu, ndi mzere wa nkhadze pambali pake. Ine ndinakulira kumudzi. Mango samera okha pakati pa mombo. Pamene pali mango panali khonde, panali mwana amene anadya n'kutaya njere.

"Achimwene, mango awa anabzala ndani?"

"Panali mudzi, adada," anayankha choncho, maso ali kutsogolo, ndipo sanaonjezerepo kanthu.

Za mudziwo ndibwererako. Ndiyambe ndavomera kuti zimene tinaona titatuluka m'nkhalango n'kufika pamwamba zinanditseka pakamwa. Mitengo imangotha mwadzidzidzi. Kutsogolo kwanu kumakhala zitunda za udzu wokhawokha, chitunda pambuyo pa chitunda mpaka maso atatopa, popanda nyumba, popanda munda, popanda utsi, popanda ndi mwana yemwe wobaibitsa galimoto. Kwa munthu wochokera ku Chigawo cha Pakati, komwe sungakodze pathengo popanda wina kukupatsa moni, zimenezi zimachititsa kamantha ndithu. Mbidzi zinali m'mbali mwa msewu ngati abulu a ku Dedza. Tinaona chilembwe, mphoyo, ndi gulu la nchefu loti mdzukulu wanga anasiyira panjira kuwerenga.

Chelinda ali pamtunda wa mamita ngati 2,300 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo nsonga yaitali ya Nyika, phiri la Nganda, imapitirira mamita 2,600. Mu July dzuwa likangolowa, kuzizira kwake kumakhala ngati kuli nawe chifukwa. Mkamwini wanga, munthu wa sukulu zake, analimbana ndi tenti mphindi makumi anayi ndi kapepala ka malangizo m'manja, ine ndikuonerera mwaulemu monga mpongozi ayenera. Tinaphika nsima pamoto wa nkhuni za paini. Usiku fisi analira chakumunsi kwa dambo, ndipo ndinagona nditavala jekete, chipewa ndi masokosi awiriawiri. M'mawa udzu wonse unali mbuu ngati wathiridwa phulusa, ndipo madzi amene tinasiya m'beseni anali ataundana pamwamba. Kamdzukulu kanatola chibenthu chake n'kumathamanga nacho ngati katola ndalama.

Ndili chigonere m'tentimo ndinakumbukira kuti tenti yoyendera dala, osati ya mavuto, inafika m'dziko muno ndi atsamunda. Bwana DC akafuna kuyendera midzi ankanyamuka ndi tenti, bedi lopinda, tebulo, bafa ndi wophika, ndipo azunguwo anakonda mawu athu oti ulendo mpaka kuwalowetsa m'Chingelezi chawo. Koma pa ulendo woterowo panali wogona m'tenti ndi wonyamula tenti. Makolo athu anali amtengatenga. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa asilikali, ambiri osabwerako. Mwina n'chifukwa chake nkhani yosenza katundu kukwera phiri popanda wokukakamiza siinatilowe m'magazi. Tinasenza mokwanira.

Koma atsamundawo sindiwo anayamba kugona pa Nyika. Chakummwera kwa pakiyi kuli thanthwe lalikulu lotchedwa Fingira, lokhala ndi phanga m'munsi mwake, momwe ofukula zakale anapezamo zida zamiyala, zigoba za nkhono ndi mafupa a anthu. M'chaka cha 2017 akatswiri amene anayeza mafupawo anafalitsa zoti ena mwa anthu a pa Fingira anakhalako zaka pafupifupi 6,100 zapitazo, ndipo wina zaka ngati 2,500 zapitazo. Anali alenje ndi otola zipatso, mtundu wa anthu aja nthano zathu zimawatchula Akafula. Pambuyo pawo panabwera osula zitsulo. M'mapiri ndi m'zigwa za Nyika mukadali zotsalira za ng'anjo zawo, ndipo Aphoka a kumapiri a kummawa ankadziwika ndi makasu awo. Khasu kumeneko linali chuma, logulira zinthu ndi kukwatirira. Dzina lenilenilo la Chikulamayembe lili ndi makasu m'kati mwake, poti mayembe pa Chitumbuka ndi makasu.

Angoni atafika kumpoto chapakati pa zaka za m'ma 1800, Nyika anasanduka linga. Anthu anathawira m'malo otsetsereka momwe nkhondo siikanakwera msanga, n'kumalima m'mbali mwa mapiri. Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe m'chaka cha 1894, anaimanga pakati pa Aphoka omwewo, m'munsi mwa Nyika chakunyanja. Pamwamba penipeni, pa udzu pomwe ife tinagona, sipankakhala midzi yokhazikika m'nthawi imene anthu akukumbukira, chifukwa chimanga sichingapirire chisanu choterocho. Koma panali njira za miyendo zolumikiza Nkhamanga, Hewe, Nthalire ndi kunyanja. Anthu ankasakapo nyama, kufula uchi ndi kukumba mankhwala. Panalinso kanyanja ka Kaulime, kokhako kachilengedwe pamwamba ponsepo, komwe akuluakulu ankakapempha mvula ndipo ankati mumakhala chinjoka chachikulu. Lero mabuku a alendo amangoti ndi malo abwino oonerapo nyama zikamamwa madzi.

Malo oterewa, odzaza ndi mayina, njira ndi mizimu, ndi amene azungu anawalemba kuti ndi chipululu. M'zaka za m'ma 1890 kunakwera Richard Crawshay, wa boma la atsamunda amene ankakhala ku Deep Bay, komwe lero timati Chilumba, ndipo mbidzi za pa Nyika mpaka pano m'mabuku a sayansi zimatchedwa ndi dzina lake. Mbidzi zimene Aphoka anakhala nazo zaka mazanamazana zinapeza mwini tsiku limodzi! Koma amene anatchukitsa Nyika kunja ndi Laurens van der Post wa ku South Africa, amene anatumidwa kuchokera ku London m'chaka cha 1949 kudzaona ngati mapiri a Mulanje ndi Nyika angapindulitse Britain, yomwe panthawiyo inali pa umphawi wa pambuyo pa nkhondo. Buku limene analemba za ulendowo, Venture to the Interior, linagulidwa kwambiri. Ndinaliwerenga ndili mnyamata, ndipo ndivomere kuti munthuyo cholembera ankachidziwa. Vuto lake n'lakuti ukamawerenga umaganiza kuti akulowa kumalo kumene phazi la munthu silinapondeko, chonsecho katundu wake anasenza ndi anthu a komweko, njira anamulozera ndi anthu a komweko, ndipo mishoni ya Livingstonia inali itakhala m'munsi mwa phirilo zaka zoposa makumi asanu. M'chaka cha 2001 mtolankhani J.D.F. Jones anatulutsa buku la mbiri ya moyo wa van der Post loonetsa kuti mkuluyu ankathira mchere wambiri pa nkhani zake. Ife a kuno sitinadabwe.

Chotsatira cha maulendo oterewa ndi nkhalango ya paini imene mumaiona mukamayandikira Chelinda, yakuda bii pakati pa udzu ngati chigamba pa malaya. Inabzalidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ndi bungwe la Colonial Development Corporation poyesa ngati Nyika angatulutse mitengo yopangira mapepala. Mitengo inakula bwino, koma kutalika ndi kuipa kwa msewu kunagwetsa mpeni pansi, ndipo nkhalango yaikulu ya paini inakakhala ku Viphya, ku Chikangawa. Pa Chelinda panatsala mitengoyo ndi madamu momwe anaikamo nsomba zachizungu za trout zoti mabwana aziwedza Loweruka. Osamala pakiyi akhala akulimbana ndi timitengo ta paini tomera tokha m'udzu, poti mlendo ameneyu sanamve zoti mlendo ndi mame. Ndiye moto umene tinaotha usiku uja unali mapepala a Mfumukazi amene sanapangidwe. Unafunda bwino, sindinama.

Kuteteza Nyika kunayamba pang'onopang'ono. M'chaka cha 1948 kankhalango ka mitengo ya juniper, yofananako ndi mkungudza wa ku Mulanje, kanaikidwa m'manja mwa boma. Koma paki yeniyeni inabadwa m'chaka cha 1965, patangotha chaka chimodzi chilandirire ufulu, ndipo inali yoyamba m'Malawi. Kasungu ndi Lengwe zinatsatira mu 1970, Liwonde mu 1973, ya ku Cape Maclear mu 1980. Apa tisanamizire atsamunda. Mapaki athu onse tinakhazikitsa tokha, mbendera yathu ili m'mwamba.

Chimene tinabwereka ndi nzeru yake. Maganizo oti boma lipatule dera lokongola kuti anthu azikapumulako, kuyenda ndi kugona m'matenti anachokera ku America. M'chaka cha 1864 chigwa cha Yosemite chinaperekedwa ku boma la California kuti chisungidwe motero, ndipo mu 1872 kunabadwa Yellowstone. Konse kuwiriko kunali eni nthaka, Amwenye a ku America, amene anathamangitsidwa kapena kukankhidwira kunja kuti wobwera kudzapuma apeze malo opanda munthu. Nzeru imeneyi inafika ku South Africa ndi paki ya Kruger mu 1926, ndipo mu 1933 maiko a atsamunda anasainirana pangano ku London lolimbikitsa mapaki otere mu Africa monse. Paki, malinga ndi nzeru imeneyi, ndi malo amene munthu amafikako ngati mlendo basi. Wokhala momwemo ndiye cholakwika chofunika kukonza.

Paki ya 1965 inatenga pamwamba pokha, pa udzu, ndipo ngakhale inatseka ulenje, siinagwetse midzi yambiri. Nkhani inavuta mu 1978. Chaka chimenecho boma linakuza pakiyi kuposa katatu, kufika pa masikweya kilomita oposa 3,100, potenga mapiri ndi nkhalango zonse zotsetsereka m'mbali mwake. M'menemo ndiye munali anthu. Munali midzi, minda, makola, masukulu ang'onoang'ono ndi manda. Anthu zikwi zingapo anauzidwa kuti asamuke.

Achinyamata amene munabadwa m'nthawi ya zipani zambiri mwina mufunsa kuti bwanji sanakane, bwanji sanapite kukhoti. Ana inu, 1978 sichinali chaka chofunsa mafunso. Dr Banda anali atakhala pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971, ndipo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amene analankhula pa mowa. Kumpoto ndiye kunali kale ndi mabala ake, poti Chitumbuka chinali chitachotsedwa pa wailesi ndi m'nyuzipepala mu 1968. Mfumu imene ikanaimirira n'kunena kuti anthu anga sachoka ikanakhala ikudzikumbira dzenje. Anthu anamanga mitolo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1977, dambo la Vwaza chakumadzulo linali litakhazikitsidwanso kukhala gemu, nakonso anthu anachotsedwa. Choncho chigwa cha Nkhamanga chinapanikizika pakati pa mipanda iwiri, pa nthawi yomweyo imene maesiteti a fodya ankameza malo abwino m'boma la Rumphi.

Tsiku lachiwiri tinapempha wotiperekeza kuti tikayende wapansi, chifukwa lamulo silikulolani kupita kutali ndi kampu popanda wa gemu, ndipo anatipatsa bambo yemwe uja. Tinayenda maola anayi. Munthuyo Nyika ankamudziwa ngati m'thumba mwa malaya ake. Anationetsa mapazi a nyalugwe pamatope, ndowe za fisi zoyera ngati choko, ndi maenje ang'onoang'ono m'dambo momwe anthu anakumbamo chinaka. Pa Nyika pali mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja la chinaka, amene amakongoletsa madambo nthawi ya dzinja, ndipo timizu take n'timene amapangira chikande chija chimagulidwa kwambiri ku Zambia. Okumba amalowa usiku, amagona m'mapanga ndi m'timisasa ta udzu masiku angapo pa chisanu chomwe chija ine ndinkalira nacho ndili m'jekete. Nawonso, tinene, amagona panja pa Nyika. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinali ndi lisiti.

Titakhala pamwala kuti tidye mbatata, ndinayambanso nkhani ija.

"Achimwene, mudzi wa pa mango paja mumaudziwa?"

Anayamba wamwa madzi. "Umene uja ayi, adada. Wathu unali kutsogolo, kuseri kwa phiri. Ine ndinabadwira kunja, koma adada anga anachoka ali mnyamata. Agogo aamuna a adada anga agona momwemo."

"Mumapitako?"

"Ine ndimadutsako pa ntchito. Ena amayenera kupempha chilolezo." Anaseka pang'ono. "Agogo anga aakazi ankati kumene anawapititsako kunali kotentha, udzudzu wosaneneka. Anthu a kumapiri malungo sankawadziwa kwenikweni. Chaka choyamba anaika ana ambiri. Mpaka kumwalira kwawo sanabzalenso mtengo wa zipatso. Ankati ndibzalirenji, adzadye anyani?"

Mwana wanga anamufunsa ngati sizimuwawa kugwira ntchito yolondera malo omwe makolo ake anachotsedwamo. Anayankha kuti ntchito ndi ntchito, ana ake akuphunzira ndi malipiro omwewo, ndipo pakiyo amaikonda, asatinamize. Chimene chimamuvuta, anatero, ndi tsiku limene wagwira munthu ndi msampha wa waya kapena thumba la chinaka, n'kupeza kuti ndi mwana wa azakhali ake.

Tsono apa ndisakhale ngati andale amene amaona mbali imodzi ya ndalama. Ndikanama ndikati boma la 1978 linalibe mfundo. Chifukwa chimene linapereka chinali madzi, ndipo chinali choona. Nyika ndi nkhokwe ya madzi ya kumpoto. Mvula ndi nkhungu zimene udzu ndi madambo ake zimasunga n'zimene zimatsika m'mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Chelinda, Runyina ndi Wovwe, ndipo pa Wovwe pali makina opangira magetsi. Mitsinje imeneyi imayenda chaka chonse. Amene tinaona phiri la Ndirande likumetedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, amene tikuona makala a ku Dzalanyama akulowa mu Lilongwe panjinga m'bandakucha uliwonse, amene tinaona matope a phiri la Soche akukwirira anthu ku Chilobwe mu 2023, sitinganene mopepuka kuti mapiri a Nyika akanangosiyidwa. Mwina pakanapanda mpanda umenewu bwenzi lero kuli mbuu ngati kwina konseku, ndipo bwenzi ine ndilibe choti ndilembe.

Chimene ndikukana ndi chakuti panalibe njira ina. Patangotha zaka ziwiri, mu 1980, boma lomwelo linakhazikitsa paki ya ku Cape Maclear n'kusiya mudzi wa Chembe ndi midzi ina ya asodzi ili pomwepo, itazunguliridwa ndi paki. Mavuto aliko kumeneko, sindikubisa, koma UNESCO siinaone midziyo ngati chotchinga pamene inaika pakiyo pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Pa Nyika panafunika kukhala pansi ndi anthu, kumva za manda awo, kugwirizana za malire, kuwalipira moyenera. Zimenezo zimatenga nthawi, ndipo boma la chipani chimodzi linalibe chizolowezi chodikira yankho la munthu wamba.

Zinthu zinayamba kufewa mochedwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 magulu a alimi a njuchi analoledwa kupachika ming'oma m'kati mwa paki, chinthu chaching'ono koma chachikulu kwa munthu amene kwa zaka khumi ankaonedwa ngati mbava akangoponda mmenemo. Lamulo la mapaki la 1992, makamaka litakonzedwanso mu 2004, linatsegula khomo loti midzi yozungulira izitengako mbali, ndipo kudzera m'bungwe la Nyika Vwaza Association gawo lina la ndalama zolowera limabwerera kumidzi. Mu 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita pa Nyika, pa malole, madokotala a zinyama ali pambali kuziyeza kapumidwe. Sindikudana nazo njovuzo, koma sindinalephere kuganiza kuti zinasamutsidwa mwaulemu kuposa agogo a mnzathu uja. Mu 2023 boma linasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Mapangano ndi abwino papepala. Muyeso wake udzakhala pa Thazima, pa nkhope ya mayi amene akufuna udzu wofolerera nyumba.

Madzulo a tsiku lomaliza ndinatsegula buku limene alendo amalembamo mayina. Ndinaona Germany, Holland, England, South Africa, tsamba ndi tsamba. Amalawi analimo, koma owerengeka, ambiri obwera pa galimoto za mabungwe. Chonsecho Mmalawi amalipira zochepa pachipata kuyerekeza ndi mlendo wakunja. Chimatilepheretsa si chipata ayi, ndi mafuta a galimoto, msewu, ndi funso lija la mayi a kunyumba. Pali njira yotchuka ya masiku atatu, yochoka pa Chelinda wapansi kukatsikira ku Livingstonia, kugona m'matenti panjira, ndi wa gemu ndi onyamula katundu. Azungu amaitamanda kwambiri. Ndi imodzi mwa njira zomwe zija anthu ankadutsamo kupita kumishoni kukafuna sukulu ndi mankhwala, opanda tenti, opanda nsapato. Mdzukulu wanga wandilonjeza kuti akadzakula adzandiperekeza. Ndamuuza kuti afulumire, maondo sakudikira.

Usiku umenewo ndinatuluka m'tenti cha m'ma 2 koloko, pa zifukwa za ukalamba, ndipo ndinaima kaye. Kunalibe mwezi. Nyenyezi zinali zambiri moti zina zinkaoneka ngati zili m'munsi mwanga, kumapeto kwa zitunda. Kunali zii, bata loti umamva magazi ako akuyenda m'makutu. Bata limenelo n'limene anthu amaolokera nyanja kudzalifuna, ndipo ndi lokoma zedi, ndikufuna Mmalawi aliyense adzalimve kamodzi asanafe. Koma nditaima pamenepo ndinadziwa kuti chakumunsi uko, kuseri kwa mdimawo, kukanamveka tambala, galu, mwana wolira, mtondo wa mayi wolawirira kusinja. Sizinazimirire zokha. Zinachita kuchotsedwa, chaka chake chikudziwika, ndipo ena mwa amene anasenza mitolo akadali moyo ku Nkhamanga ndi ku Henga.

Pobwerera wa gemu uja sitinali naye, anatsala pa ntchito. Tinatsazikana pa kampu, iye n'kuti, "Yewo, adada, mukafike bwino, mudzabwerenso nthawi ya maluwa." Titatsika m'nkhalango ya mombo ndinapempha mkamwini kuti aimitse galimoto pa mango paja. Lamulo silifuna kuti mlendo azitsika paliponse, choncho ndinangotsitsa galasi. Mitengoyo inali itayamba maluwa. Pansi pake panali mwala wathyathyathya wokumbika pakati, ndipo sindikukayika kuti inali mphero. Pa nthambi ina panakhala nyani wamkulu, akutiyang'ana ngati ife ndiye tasochera.

"Agogo, mango amenewa ndi a ndani?" kanafunsa kamdzukulu.

Ndinakauza kuti eni ake anasamuka kalekale, amayi ake asanabadwe. Kanafunsa ngati amabwera kudzathyola akapsa. Ndinati sindikhulupirira. Mkamwini analiza galimoto, poti mafuta anali ochepa ndipo pa Rumphi panali patali.